Ligi ya chess ya pa intaneti: ipatsidwe tsamba lakelake pa Wikipedia kapena ayi?

Kavalo64:
Akuluakulu, moni nonse. Mu sandbox (tsamba loyeserera) ya gulu muli draft (nkhani yongokonzekera) ya Lichess4545, ligi ya matimu ija imene imaseweredwa pa Lichess, webusaiti yosewerera chess. Tisanaitumize kuti iunikidwe, tigwirizane kaye ngati ikuyenera tsamba lakelake. Kwa amene simuidziwa, dzinalo likuchokera pa nthawi ya gemu: wosewera aliyense ali ndi mphindi 45, ndipo akangosuntha kamodzi amamuwonjezera masekondi 45. Sabata iliyonse timu imakumana ndi timu ina, wa bolodi 1 ndi wa bolodi 1 mnzake, wa bolodi 2 chimodzimodzi mpaka kumunsi, ndipo awiri okumanawo amapangana okha tsiku ndi ola mkati mwa sabatayo. Sizoni imodzi ndi maraundi 8. Oyendetsa ndi anthu ongodzipereka, si Lichess yeniyeniyo ayi. Yayenda zaka zambiri, osewera ake ndi ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Ine ndikuti ikuyenera.

NaBanda:
Ndaiwerenga, achimwene. Kalembedwe kali bwino, koma tatsikirani kumunsi muone magwero, kumene mfundo zake zatengedwa. Alipo 9. Asanu ndi a tsamba la ligi yomweyo, awiri ndi masamba a pa Lichess, limodzi ndi Reddit, lotsala ndi vidiyo ya pa YouTube ya munthu amene amasewera mu ligimo. Lochokera kwa munthu wakunja, wosakhudzana ndi ligiyo, mulibe ngakhale limodzi. Wounika sadzafika n'komwe pa ndime yachiwiri, adzangoona mndandandawo n'kuibweza.

Kavalo64:
Koma zonse zolembedwamo ndi zoona, Anabanda. Aliyense akhoza kutsegula tsamba la ligi n'kuona matimu, zotsatira ndi magemu enieniwo.

NaBanda:
Palibe akukana kuti ndi zoona. Vuto ndi loti mawu akuti notability tinazolowera kuwamva ngati kutchuka kapena kufunika, pomwe GNG, lamulo la Wikipedia ya Chingerezi loweruza ngati chinthu chikuyenera tsamba, silifunsa zimenezo. Limafunsa ngati pali ena, osakhudzana ndi chinthucho, amene anachiona n'kulemba za icho mozama m'malo odalirika. Gwero lililonse muziliyesa ndi mafunso anayi. Kodi wolembayo ndi wakunja, sapindula kanthu ligi ikatchuka? Kodi kumene walembako kuli mkonzi amene amaunika nkhani isanatuluke? Kodi walemba zakuya, kapena wangotchula dzina n'kudutsa? Kodi waunika ndi kufotokoza, kapena wangokopera zotsatira? Gwero limodzi liyenera kukhoza anayi onsewa pakamodzi. Simungatenge kudalirika kwa gwero ili n'kuphatikiza ndi kuzama kwa gwero lija. Ndipo magwero oterowo afunika angapo, limodzi silikwanira.

Tsamba la ligi limagwa pa funso loyamba. Reddit imagwa pa lachiwiri chifukwa aliyense amalemba zimene wafuna. Vidiyo ija imagwa pa onse awiri.

Tembo_Chipata:
Ndiwonjezereko. Ligi ndi bungwe, choncho ku AfD, kumene amakambirana zofufuta masamba, ena adzaiyesa ndi lamulo la mabungwe ndi makampani, NCORP, lomwe ndi lolimba kuposa GNG wamba. Kumeneko zilengezo za masiku a mpikisano, mndandanda wa opambana, nkhani yongokopera chikalata chimene bungwe latumiza kwa atolankhani, ngakhalenso kucheza kumene mwini ligi akungodzifotokoza yekha, zonsezi siziwerengedwa. Ena adzaiyesa ngati chinthu cha pa webusaiti. Kulikonse mungaloweko, funso lake ndi lomwelo.

A Mbewe:
Ana inu mukuthamanga. Nanga bwanji PRO Chess League ili ndi tsamba? Nayonso inali ligi ya matimu, nayonso inali ya pa intaneti. United States Chess League nayo ili nalo. Tikakana iyi ndiye kuti tikuyesa ndi miyeso iwiri.

Tembo_Chipata:
Funso labwino, akulu, ngakhale ku AfD mawu akuti "inzake ili nalo" samvedwa. Komabe tiyeni tiziyerekeze, chifukwa kusiyana kwake ndi kumene kungatiphunzitse.

United States Chess League anaiyambitsa Greg Shahade mu 2005 ndi matimu 8 oimira mizinda ya ku America, akusewera pa Internet Chess Club. Oyamba kuitenga anali Baltimore Kingfishers. Mu 2017 inalowedwa m'malo ndi PRO Chess League pa Chess.com, webusaiti ina yosewerera chess, ndi matimu 48 ochokera m'makontinenti angapo. Timu inkatulutsa osewera 4, aliyense n'kusewera ndi onse 4 a timu inayo, magemu 16 pamodzi, ndiye yofika mapointi 8.5 yapambana. Gemu inali ya mphindi 15 ndi masekondi 2 owonjezera. Panalinso malire akuti avereji ya rating (nambala yoyeza luso la wosewera) ya timu isapitirire 2500, zomwe zinkakakamiza timu yokhala ndi katswiri wamkulu kuika wosewera wotsika kumunsi. Mu fainolo ya chaka chimenecho Saint Louis Arch Bishops, momwe munali Wesley So, inagonjetsa Norway Gnomes ya Magnus Carlsen, katswiri wa dziko lonse panthawiyo. Mu 2018 inatenga Armenia Eagles, ndipo ndime zomaliza anazichitira pamaso pa anthu ku San Francisco.

Kavalo64:
Ndiye mukuti ili ndi tsamba chifukwa munasewera Carlsen.

Tembo_Chipata:
Ayi, pamenepo ndi pamene ambiri amaterereka. Notability siyenda ngati chuma chamasiye, kuti ya Carlsen igwere ligi. Carlsen atasewera gemu imodzi mu timu ya pa Lichess usiku uno, timuyo sikhala yoyenera tsamba mawa. Chimene kubwera kwa Carlsen, So ndi katswiri wina Hikaru Nakamura kunachita ndi kukoka olemba nkhani. Masamba a nkhani za chess analemba: ChessBase inalemba, chess24 inalemba, tsamba la US Chess linalemba. Timawerenga zolembedwazo, osati mayina a osewera.

NaBanda:
Koma apa tisamale, a Tembo, chifukwa nkhani zambiri za PRO Chess League zili pa Chess.com, ndipo Chess.com ndi mwini ligi. Atolankhani awo amalemba bwino, zotsatira zawo ndi zolondola, mungazigwiritse ntchito posonyeza kuti wakuti anapambana ndi mapointi akuti. Koma pa funso la notability siziwerengedwa.

Palinso msampha wa masiku. chess24 inali ya Play Magnus Group, ndipo Chess.com inagula gulu limeneli kumapeto kwa 2022. Nkhani ya chess24 ya 2018 kapena 2020 ndi ya kampani yopikisana nayo, choncho ndi yakunja. Ya 2023 ndi ya m'nyumba momwemo. Magazini ya New in Chess nayo inalowa mu Play Magnus Group mu 2021, ndiye nkhani yake ndi yomweyo. Muziona tsiku limene nkhani inatuluka, osangoona dzina la tsamba. Ndipo popeza chess24 inatsekedwa mu January 2024, maulalo ake akale muziwafufuza pa Wayback Machine, yomwe imasunga masamba akale a pa intaneti.

Mlembi_Zomba:
Ndalowa mochedwa. Chimene chinatulutsa PRO Chess League kunja kwa mabwalo a chess ndi fainolo ya 2020. Armenia Eagles inagonjetsa Saint Louis, kenako patapita masiku ochepa Chess.com inalengeza kuti Tigran L. Petrosian wa Armenia Eagles waphwanya malamulo a kusewera mwachilungamo, inachotsa timuyo n'kupereka chikho kwa Saint Louis, iye n'kumuletsa moyo wake wonse pa Chess.com. Mwiniwake anakana. The Guardian ndi ena analemba. Musamusokoneze ndi Tigran Petrosian amene anali katswiri wa dziko lonse, yemwe anamwalira mu 1984.

NaBanda:
Zoona, koma nkhani zimenezo mutu wake unali kubera pa chess ya pa intaneti nthawi ya Covid-19, ligi inangokhala malo pamene zinachitikira. Wina wovuta akhoza kunena kuti zikuthandiza tsamba la Petrosian kapena la kubera pa chess, osati la ligi. Ine ndimati PRO Chess League imadutsa chifukwa cha zonse pamodzi: nkhani za masizoni angapo, m'malo angapo osiyana eni ake, zina zofotokoza mmene ligi imayendera. Mkangano wa 2020 paokha sukanakwanira.

Mlembi_Zomba:
Ndavomera. Ndipo polemba za nkhani ngati imeneyo, lamulo la Wikipedia la kalembedwe ka nkhani za anthu amoyo limagwira ntchito. Timalemba kuti Chess.com inati waphwanya malamulo ndipo iye anakana, sitilemba ndi mawu a Wikipedia kuti anabera. Izi zikukhudzanso draft yathu. Muli ndime yotchula mayina a maakaunti amene anachotsedwa mu ligi. Imeneyo ichoke lero lomwe, kaya tsamba likhalapo kaya ayi. Amenewo ndi anthu wamba, ndipo palibe gwero lodalirika lanena za iwo.

Kavalo64:
Ndaichotsa. Koma ndifunsebe. Kodi sikuti anthu amangoderera chilichonse cha pa intaneti? Magemu ake salowa mu rating ya FIDE, bungwe la chess la dziko lonse, ndiye amaona ngati ndi masewera a ana.

Tembo_Chipata:
Kukhala pa intaneti si mlandu. Onani Online Olympiad ya FIDE ya 2020. Matimu 163, bolodi 6 pa timu, kuphatikizapo amayi ndi achinyamata. Pa fainolo ya pa 30 August, India ndi Russia, intaneti inadukira Nihal Sarin ndi Divya Deshmukh, nthawi yawo n'kutha. India inadandaula, ndipo pulezidenti wa FIDE Arkady Dvorkovich anagamula kuti mayiko onse awiri alandire golide. BBC inalemba, manyuzipepala a ku India analemba kwambiri. Magemu amenewonso sanalowe mu rating wamba ya FIDE, koma palibe angayerekeze kufufuta tsamba lake.

Mbali inayi, taonani 4NCL, ligi ya matimu ya ku Britain. Mu 2020 anayambitsa ligi ya pa intaneti yoseweredwa pa Lichess. Bungwe lake ndi lakale komanso lodziwika, koma ligi ya pa intanetiyo malo ake oyenera ndi ndime mkati mwa tsamba la 4NCL. Chimodzimodzi Lichess Bundesliga, mipikisano ya matimu ya blitz (magemu a mphindi zochepa) ija ya Lachinayi ndi Lamlungu: anthu ndi ochuluka zedi, koma kuchuluka si gwero.

A Mbewe:
Chabwino, za Chingerezi ndamva. Koma ife tilinso ndi Wikipedia yathu ya Chichewa, yomwe nkhani zake n'zochepa kwambiri. Chilankhulo chilichonse chimadziikira malamulo ake, GNG ya Chingerezi si lamulo kwathu kuno. Nyumba ilibe katundu, inu mukubweza mpando pakhomo chifukwa mwendo wake ndi wokhota?

NaBanda:
Mukunena zoona, bambo, kuti wiki iliyonse imadzilamulira, ndipo ku ny.wikipedia, ya Chichewayo, mwina palibe angaifufute msanga. Koma chifukwa chimene lamulolo linakhalirapo sichisintha ndi chilankhulo. Popanda gwero lakunja, tsamba limangobwereza zimene eni ligi akunena za iwo eni. Mawa mukabuka mkangano mu ligimo, tidzalemba za mbali iti, potengera chiyani? Komanso ndani azidzalikonza sizoni iliyonse? Pa wiki ya anthu ochepa, tsamba la zotsatira limakalamba msanga. Pakatha zaka ziwiri lidzakhala likunena za opambana akalekale ngati ndi atsopano.

A Mbewe:
Nanga si timadandaula tsiku ndi tsiku kuti malamulo omwewa amapondereza nkhani za kwathu? Lero mwawakonda?

NaBanda:
Dandaulo limenelo ndi lenileni, koma si la pano. Mpikisano wa CHESSAM, bungwe la chess la ku Malawi, ukhoza kulembedwa bwinobwino mu The Nation kapena The Daily Times ya papepala, osapezeka pa Google, wounika wa kutali n'kuganiza kuti magwero palibe. Pamenepo timalimbana, chifukwa lamulo limalola gwero la papepala ndiponso la chilankhulo chilichonse, bola mutchule dzina la nyuzipepala, tsiku, mutu wa nkhani ndi nambala ya tsamba. Koma Lichess4545 ndi ligi yobadwira pa intaneti, yoyendetsedwa m'Chingerezi. Ngati wina analemba za iyo, zili poyera pomwe tonse tingazipeze. Palibe nyuzipepala yosungidwa m'kabati imene ikuibisa.

A Mbewe:
Apo mwandigwira, mayi. Komabe ndikuti tifufuze kaye tisanaweruze.

Mlembi_Zomba:
Eya, ndipo kufufuzako kuli ndi njira yake. Ngakhale wofuna kufufuta tsamba amayenera kuchita zimenezi kaye, ndi zimene amazitcha BEFORE.

Yambani ndi Google News, dzina mulitsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa kuti lisamwazike, ndipo muyese kalembedwe kosiyanasiyana: "Lichess4545", "Lichess 4545", "Lichess 45+45". Kenako pa Google wamba muchotse masamba a eni ake polemba -site:lichess.org -site:lichess4545.com -site:reddit.com kutsogolo kwa dzinalo. Zotsala ndi zimene muziunike. Mukatero pitani ku Google Books ndi Google Scholar. Ku Scholar samalani: ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito magemu a Lichess chifukwa amaperekedwa ulere, koma pepala lonena za magemu a Lichess silikunena za ligi iyi. Fufuzaninso mkati mwa ChessBase, The Week in Chess, Chess Life, ndi danga la chess la Leonard Barden mu The Guardian. Amene akaunti yake yakwana miyezi 6, wakonza kokwana 500 ndipo wakonzako kosachepera 10 m'masiku 30 apitawa, alowe mu Wikipedia Library, muli nkhokwe za manyuzipepala zimene ena amalipira.

Zimene zimapusitsa anthu ndi izi. Blog ya pa Medium kapena Substack imaoneka ngati nyuzipepala koma wolemba amadzisindikiza yekha. Nkhani za Forbes zolembedwa ndi contributor, wolemba wongothandiza amene si mtolankhani wawo, sizidutsa kwa mkonzi, ndiye sizilandiridwa. Masamba ena amangokopera Wikipedia yomweyo, mukawatchula ndiye kuti mukudzichitira umboni nokha. Ndipo nkhani imodzi ikasindikizidwa m'malo asanu, ndi gwero limodzi basi.

Kavalo64:
Nanga podcast? Alipo ma podcast a chess amene amalimbikitsa akuluakulu ofuna kukweza masewero awo kuti alowe ligi imeneyi.

Mlembi_Zomba:
Zimatengera. Mlendo akangoti ndimasewera mu 4545, ndi yabwino, kumeneko ndi kutchula chabe. Ngati pulogalamu yonse ndi ya ligiyo koma wolankhula ndi mmodzi wa oyendetsa, ndiye kuti ligi ikudzinenera yokha. Chingathandize ndi katswiri wodziwika, wosakhudzana nayo, akuiunika kwa nthawi ndithu. Ngakhale apo, ku NCORP adzakanganabe chifukwa podcast yambiri ilibe mkonzi. Mukaipeza lembani nambala ya pulogalamu ndi mphindi imene ayambira kunena, kuti wina athe kutsimikiza.

Tembo_Chipata:
Ndifotokozenso zimene zingachitike mukaumirira kuiika momwe ililimu, kuti pasadzakhale kudabwa. Mukaitumiza ngati draft, wounika adzaibweza ndi uthenga wa magwero. Draft ikakhala miyezi 6 osakhudzidwa imafufutidwa pansi pa lamulo la G13, ngakhale imeneyo mukhoza kuipempha kuti ibwezedwe. Mukailowetsa nokha ku masamba enieni, zomwe zimatheka akaunti ikakwana masiku 4 ndi kukonza 10, oyendera masamba atsopano akhoza kuibwezera ku draft, kapena kuiika kuti ifufutidwe mwachangu pansi pa lamulo la A7 ngati sikunena chilichonse chosonyeza kufunika kwake, kapena G11 ngati ikumveka ngati malonda. Chiganizo chija chakuti "lowani lero, kulembetsa ndi kwaulere" chikuitana G11 ndi manja awiri. Ikapulumuka pamenepo ipita ku AfD, masiku 7 akukambirana, mwina kuwonjezera ena ngati anthu sanagwirizane. Ikafufutidwa kumeneko, kuilembanso chimodzimodzi kumagwa ndi lamulo la G4 nthawi yomweyo. Ndiye kufulumira kumatsekera njira ngakhale amene angadzabwere ndi magwero abwino mtsogolo, chifukwa adzayamba ndi kufotokoza chimene chasintha.

Cholakwika chachikulu chimene magulu a masewera amachita ndi kutenga ulalo wa AfD n'kuuponya ku gulu la osewera kuti bwerani mudzavote. Kumabwera maakaunti atsopano makumi awiri, onse akuti isungidwe chifukwa ligi ndi yabwino. AfD si chisankho. Wotseka zokambiranazo amayesa mfundo, maakaunti otere amaikidwa chizindikiro, ndipo anthu amene akanakumverani amayamba kukukayikirani.

NaBanda:
Ndipo amene amasewera kapena kuthandiza kuyendetsa ligiyo anene poyera pa tsamba lokambirana. Kusewera chabe si mlandu, koma woyendetsa asalembe yekha tsambalo, apemphe ena. Ngati pali malipiro aliwonse, kuulula ndi lamulo lenilenilo la Wikimedia, bungwe loyendetsa Wikipedia.

Kavalo64:
Ndiye ntchito yonseyi ipite m'madzi?

NaBanda:
Ayi. Pakati pa tsamba lakelake ndi kufufuta pali njira ina. Lichess ili ndi tsamba kale, ndipo ndi lokhazikika: anaiyambitsa Thibault Duplessis mu 2010, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, imayendera zopereka, ndipo ambiri alemba za iyo. Lamulo la notability limaweruza ngati chinthu chipatsidwe tsamba, silimaweruza chiganizo chilichonse cha mkati mwa tsamba. Choncho ziganizo ziwiri kapena zitatu zikhoza kulowa mmenemo: kuti pali ligi ya matimu yoyendetsedwa ndi anthu odzipereka, nthawi yake ndi 45+45, gemu imodzi pa sabata. Pa mfundo zosakanganitsa ngati zimenezi, tsamba la ligi limaloledwa kukhala gwero. Mawu ngati yaikulu kuposa zonse kapena yakale kuposa zonse asalowe, amenewo afuna wakunja. Mukatero mupange redirect, tsamba longolozera kwina, kuti wofufuza Lichess4545 azifikira pa ndimeyo.

Dziwani kuti osamalira tsamba la Lichess akhoza kukana, kunena kuti popanda wakunja ngakhale ziganizo ziwirizo zachuluka. Ndiye yambani ndi kufunsa pa tsamba lokambirana, dikirani sabata. Wina akachotsa, musabwezere, kambiranani.

Tembo_Chipata:
Pokopera mawu kuchoka mu draft kupita ku tsamba lina, mulembe mu edit summary (kabokosi kofotokozera zimene mwasintha) kumene achokera, ndi ulalo wake, chifukwa laisensi ya Wikipedia, CC BY-SA, imafuna kuti olemba oyamba adziwike. N'chimodzimodzi pomasulira kuchoka ku Chingerezi kupita ku Chichewa. Content Translation, chida chomasulira cha pa Wikipedia, imalemba yokha zimenezi, koma mukamasulira pamanja muzilemba nokha.

A Mbewe:
Ine ndikadali ndi mtima woti ku Chichewa tikanailola. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ofuna tsambafe ndi amene tibweretse magwero. Tipatseni sabata ziwiri. Tikapeza atatu okhoza mafunso anayi a Anabanda aja, draft ipite. Tikapeza limodzi kapena awiri, ilowe mu Lichess ndi magwero omwewo.

Mlembi_Zomba:
Zili bwino. Ndatsegula tebulo pansi pa draft: ulalo, wolemba, tsiku, kenako mabokosi anayi a inde kapena ayi. Aliyense wopeza kanthu aike mmenemo, ndipo wina osati wopezayo ndi amene adzaze mabokosiwo. Pa bokosi la kuzama mulembe kuchuluka kwa ndime zimene zikunenadi za ligi, osati kutalika kwa nkhani yonse.

Kavalo64:
Ine nditenga ChessBase ndi The Week in Chess. A Tembo, Wikipedia Library muli nayo?

Tembo_Chipata:
Ndili nayo, manyuzipepala ndi anga. Anabanda atenge Books ndi Scholar. A Mbewe, inu mukadayamba kumasulira PRO Chess League ndi Online Olympiad ya 2020 ku Chichewa, magwero ake alipo kale. Mawu ngati rapid, blitz ndi rating tiwasiye momwemo, ndi mmene osewera amanenera.

A Mbewe:
Ndiyamba ndi Olympiad. Tebulo lija tidzalione limodzi Loweruka la sabata yamawa, 7 koloko madzulo.